Mafunso ndi mayankho: autophagy ndi mtima wogunda mosokonekera

Pa WhatsApp pamazungulira uthenga wonena kuti katswiri wina wa ku Japan anatulukira kuti kusala kudya kumachiritsa matenda onse, a mtima omwe, chifukwa cha chinthu chotchedwa autophagy. Uthengawu wafika m'magulu a mipingo, a m'maofesi ngakhalenso a alimi a kachewere kuno ku Dedza, ndipo ena amene mtima wawo umagunda mosalongosoka ayamba kufunsa ngati asiye mankhwala n'kuyamba kusala. Katswiriyo alipodi, autophagy nayonso ilipo. Koma zimene akatswiri anapeza zikusiyana kutali ndi zimene uthengawo ukunena.

Kodi autophagy n'chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. M'kati mwa selo lililonse muli mapuloteni ndi tiziwalo tina timene timagwira ntchito usana ndi usiku, choncho timatha ndi kuwonongeka. Selo silisunga zowonongekazo. Limazikuta m'kathumba kotchedwa autophagosome, kenako kathumbako kamakaphatikana ndi kena kotchedwa lysosome, momwe muli asidi ndi timadzi togaya zinthu. Zonse zikagayidwa, zidutswa zake zimabwerera m'selo kuti zikamangire zatsopano kapena zikapereke mphamvu. Ntchito yonseyi ndiyo autophagy.

Amene anaonapo okonza njinga za kabaza pa boma akudziwa mmene amachitira ndi njinga yotheratu. Saitaya yonse. Amaimasula, masipoko abwino apa, tcheni apo, zotsalazo n'kukakonzera njinga imene idakali pamsewu. Selo nalo limatero, kungoti ilo limadzimasula lokha lili pantchito.

Christian de Duve wa ku Belgium ndiye anatulukira lysosome mu 1955, ndipo mu 1963 anatcha ntchitoyi dzina limene tikugwiritsa ntchitoli. Katswiri wa ku Japan uja ndi Yoshinori Ohsumi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 iye anafufuza yisiti, yemwe uja wofufumitsira buledi, n'kupeza majini, malangizo obadwa nawo a m'kati mwa selo, amene amayendetsa autophagy. Analandira mphoto ya Nobel mu 2016. Onani bwino apa: anafufuza yisiti mu labotale. Mphotoyo sanailandire chifukwa chochiritsa odwala powauza kuti asale kudya.

N'chifukwa chiyani mtima umaidalira kwambiri ntchito imeneyi?

Maselo a khungu kapena a m'matumbo akatha, thupi limapanga ena msanga. Maselo a minofu ya mtima satero. Kafukufuku amene anachitika ku Sweden n'kufalitsidwa mu 2009 anasonyeza kuti munthu wa zaka 25 amasintha pafupifupi selo limodzi lokha pa maselo 100 a mtima pachaka, ndipo akamakalamba chiwerengerocho chimatsika kuposa pamenepo. Ndiye kuti agogo a zaka 70 akuyendabe ndi maselo ambiri a mtima amene anabadwa nawo.

Komatu mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, osapumula. Mphamvu zochitira zimenezi zimachokera ku tiziwalo totchedwa mitochondria, timene timadzaza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a selo la mtima. Selo loti silisinthidwa, koma likugwira ntchito yakalavulagaga chonchi, lingakhalitse pokhapokha ngati likuchotsa zowonongeka nthawi zonse. Mu 2007 akatswiri a ku Osaka anazimitsa jini ya Atg5, imodzi mwa zoyendetsa autophagy, m'mitima ya mbewa zikuluzikulu za mu labotale. Mitimayo inakula, inafooka, ndipo m'maselo mwake munadzaza mitochondria zosokonekera.

Nanga kugunda kwa mtima kumayendetsedwa ndi chiyani?

Ndi magetsi a m'thupi momwemo. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ziwiri pamwamba, ziwiri pansi. Pachipinda chapamwamba chakumanja pali kagulu ka maselo kamene kamayambitsa mphamvu ya magetsi ka 60 mpaka 100 pamphindi munthu akakhala phee. Mphamvuyo imafalikira m'zipinda zapamwamba, imaima pang'ono pamalo ena apakati, kenako imatsikira m'zipinda zapansi zimene zimapopa magazi kupita ku mapapo ndi m'thupi lonse. Magetsiwa amabwera chifukwa cha mchere wa sodiyamu, potaziyamu ndi kashiamu umene umalowa ndi kutuluka m'maselo kudzera pa timakomo tapadera.

Dongosololi likasokonekera, mtima ukhoza kuthamanga kwambiri, kuchedwa kwambiri, kudumphitsa, kapena kugunda mwachisawawa. Vuto lofala kwambiri pa mavuto okhalitsa amtunduwu ndi limene madokotala amati atrial fibrillation, mwachidule AF. Zipinda zapamwamba zimangonjenjemera m'malo mofinya bwinobwino.

Tsono autophagy ikukhudzana bwanji ndi magetsi amenewa?

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndiye tifatsepo.

Poyamba ndi mitochondria zija. Ikawonongeka imodzi, sikuti imangosiya kupanga mphamvu ayi, imayambanso kutulutsa tizinthu ta okosijeni towononga mapuloteni oyandikana nayo. Mapuloteni awiri, PINK1 ndi Parkin, amaika chizindikiro pa mitochondria yotereyi kuti kathumba kaja kabwere kadzaikute. Ntchitoyi ikafooka, monga zimachitikira munthu akamakalamba, mitochondria zodwala zimachuluka. Chimodzi mwa zinthu zimene zimawonongeka ndi kakhomo kotulutsira kashiamu m'nkhokwe ya m'kati mwa selo. Kakhomoko kamayamba kudontha. Kashiamu akatuluka pa nthawi imene selo limayenera kupuma, selolo likhoza kuyambitsa lokha magetsi, mtima n'kugunda nthawi isanakwane. Kugunda kotereku kukachitika pamalo olakwika ndi pa nthawi yolakwika, kumatha kuyambitsa chisokonezo chokhalitsa.

Kenako pali polumikizira maselo. Magetsi amadutsa kuchoka m'selo lina kupita m'linzake kudzera m'timipata topangidwa ndi puloteni yotchedwa connexin 43. Puloteni imeneyi sikhalitsa, imasinthidwa pakangopita maola ochepa, ndipo autophagy ndi imodzi mwa njira zoichotsera. Mbali ina ya mtima ikasowa magazi chifukwa mtsempha watsekeka, autophagy imakwera ndipo imagaya connexin 43 yambiri. Timipata tikachepa, magetsi amayenda pang'onopang'ono pamalo amenewo pomwe kwina akuthamanga, ndipo akhoza kuyamba kuzungulirazungulira pamalo amodzi m'malo mopita kutsogolo. Kuzungulira kotereku kukachitika m'zipinda zapansi, munthu amatha kugwa n'kufa mwadzidzidzi.

Ndiye pali AF yeniyeniyo. Mu 1995 akatswiri a ku Maastricht, ku Netherlands, anachita kafukufuku pa mbuzi, inde mbuzi ngati zimene timaona pa msika wa Chimbiya. Anapeza kuti akachititsa mtima wa mbuzi kukhala mu AF kwa nthawi yaitali, mtimawo umasintha moti AF imayamba kukhalitsa yokha. Chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti timakomo tolowetsera kashiamu m'maselo a zipinda zapamwamba timachepa, ndiye selo limamaliza kugunda msanga n'kukhala lokonzeka kulandiranso magetsi ena alionse odutsa. Mu 2018 akatswiri a ku Harbin, ku China, anasonyeza pa akalulu ndi pa tizidutswa ta mitima ya odwala AF kuti autophagy imakhala itakwera, ndipo ndiyo imagaya timakomo timeneti. Chaka cha 2017, gulu lina la ku Netherlands linapezanso kuti maselo a zipinda zapamwamba akapanikizika ndi kugunda kothamanga, autophagy imapitirira muyeso mpaka kudya mapuloteni amene amathandiza selo kufinya.

Ndiye autophagy ndi yabwino kapena yoipa?

Zimatengera kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Mu 2012 akatswiri a ku Chile anayeza tizidutswa ta mtima ta odwala amene ankachitidwa opaleshoni ya mitsempha ya mtima. Amene anadzayamba AF opaleshoni itatha anali aja amene m'maselo mwawo timatumba tinkangounjikana osamalizidwa kugayidwa. Kumeneko vuto linali kufooka kwa autophagy. Pa akalulu a ku Harbin vuto linali kuchuluka kwake. Pa mbewa zinapezekanso kuti mtsempha ukatsekeka, autophagy imateteza maselo kuti asafe ndi njala, koma magazi akabwereranso mwadzidzidzi, yomweyo ikapitirira imatha kuwonjezera kuwonongeka.

Choncho munthu wokuuzani kuti "kwezani autophagy, mtima uchira" wadumpha theka la nkhani.

Kodi pali matenda amene amasonyeza zimenezi mwa anthu, osati mwa nyama zokha?

Alipo, ngakhale ndi osowa kwambiri. Amatchedwa matenda a Danon, potengera dzina la Moris Danon amene anawafotokoza mu 1981. Mu 2000 zinadziwika kuti amayamba chifukwa cha vuto la jini yotchedwa LAMP2, imene imapanga puloteni ya pakhungu la lysosome. Popanda puloteniyi, timatumba ta zinyalala timalephera kugayidwa ndipo timadzaza m'maselo. Minofu ya mtima imakhuthala kwambiri, ndipo ambiri mwa odwalawa amakhala ndi vuto la magetsi a mtima. Anyamata amadwala msanga ndiponso kwambiri kuposa atsikana, nthawi zambiri asanafike zaka 20.

Matenda a mtima otengera kumtundu alipo amitundu ingapo. Ngati m'banja mwanu achinyamata awiri kapena kuposerapo anamwalira mwadzidzidzi, wina ali m'bwalo la mpira, wina ali m'tulo, musangothamangira kuloza chala azakhali kapena agogo kuti ndi afiti. Auzeni adokotala mbiri imeneyo, abale otsalawo akayezedwe mtima.

Ndinamva kuti kolorokwini amakhudzana ndi nkhaniyi. N'zoona?

N'zoona, ndipo ndi nkhani yoti ife a ku Malawi tiyenera kuidziwa. Akuluakulu akukumbukira kuwawa kwa kolorokwini ndi kuyabwa kwake kuja. Mankhwalawa amalowa mu lysosome n'kuchepetsa asidi wake, ndipo kugaya kumaima. N'chifukwa chake m'malabotale padziko lonse, akafuna kuimitsa autophagy kuti aone zotsatira zake, amathira kolorokwini.

Munthu akamwa kolorokwini kapena m'bale wake hydroxychloroquine kwa zaka zambiri, monga amachitira ena odwala lupus (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo) kapena nyamakazi ya m'mfundo, nthawi zina maselo a mtima amadzaza ndi timatumba tosagayidwa, mtima n'kufooka, magetsi n'kumatsekeka panjira yopita ku zipinda zapansi. Sizichitikira aliyense, ndipo amene anapatsidwa mankhwalawa ndi dokotala asawasiye okha, koma azipita kukayezedwa. Palinso vuto lina lachangu losadalira autophagy: mankhwalawa amatseka timakomo ta potaziyamu, zimene zingayambitse kugunda koopsa makamaka munthu akamwa ochuluka. Kwinini nayenso ali ndi khalidwe lomweli.

Dziko lathu linasiya kolorokwini ngati mankhwala oyamba a malungo mu 1993, linali loyamba mu Africa kutero, ndipo linatenga Fansidar. Mu 2007 tinayamba LA. Amene anamwa kolorokwini kwa masiku atatu ali mwana asade nkhawa, zimenezo zinatha kalekale. Odetsa nkhawa ndi aja amene mu 2020 ankasakasaka mankhwalawa kuti adziteteze ku Covid-19. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY anasonyeza chaka chomwecho kuti hydroxychloroquine sankathandiza odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala.

Mayi anga ali ndi vuto la mtima ndipo akufuna kusala masiku asanu ndi awiri ndi anzawo a kutchalitchi. Kodi sikuwathandiza?

N'zoona kuti selo likasowa chakudya limakweza autophagy. Muli puloteni yotchedwa mTOR imene imaletsa ntchitoyi chakudya chikakhala chambiri, ndi ina yotchedwa AMPK imene imaiyambitsa mphamvu zikachepa. Zimenezi zinaonekadi pa yisiti ndi pa mbewa. Koma mauthenga onena kuti "pakatha maola 16 autophagy imayamba" amatchula nambala ngati kuti wina anaiyeza mu mtima wa munthu wamoyo, pomwe palibe chipangizo chochitira zimenezo. Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo apa palibe amene anakumba.

Kuopsa kwa kusala kwa nthawi yaitali ndiye n'kodziwika bwino. Potaziyamu ndi magineziyamu amatsika m'magazi, ndipo magetsi a mtima amadalira mchere womwewu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku America, anthu angapo amene ankafuna kuchepetsa thupi pongomwa zamadzimadzi za puloteni kwa miyezi anamwalira mwadzidzidzi chifukwa cha kusokonekera kwa kugunda kwa mtima. Mayi anuwo ngati akumwa mapiritsi okodzetsa aja a BP kapena ochotsa madzi m'thupi, potaziyamu wawo amatayika kale ndi mkodzo. Ngati akumwanso mankhwala a mtima otchedwa digoxin, potaziyamu akatsika mankhwalawa amasanduka poizoni. Ngati ali ndi shuga ndipo amabaya insulini kapena kumwa glibenclamide, akhoza kukomoka.

Kusala chifukwa cha chikhulupiriro ndi nkhani ya iwo ndi Mulungu wawo, ndipo sitikuinyoza. Koma apite kaye ndi buku lawo la kuchipatala akakambirane ndi adokotala, ndipo abusa kapena ashehe auzidwe kuti mayiwa ndi odwala. Mipingo yambiri ndi Chisilamu chomwe salamula wodwala kusala. Mankhwala a mtima asasiyidwe ngakhale tsiku limodzi.

Kutsekula m'mimba kwambiri ndi kusanza kumatayitsanso potaziyamu mofananamo. Wodwala mtima akatsekula m'mimba amwe Thanzi ORS ndipo apite kuchipatala msanga.

Kodi kuchipatala angandiyeze autophagy, kapena kundipatsa mankhwala ake?

Ayi. Kuyeza koteroko kulibe, kaya kuno, kaya ku London. Akatswiri amaiona pa tizidutswa ta minofu mu labotale. Mankhwala okhudza autophagy alipo, monga rapamycin amene amapatsidwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina, ndi metformin wa matenda a shuga, koma palibe ndi amodzi omwe amene anavomerezedwa kuti azichiza kugunda kosokonekera kudzera m'njira imeneyi. Wogulitsa tiyi kapena makapisozi pa Facebook amene akuti "amayatsa autophagy" akungofuna ndalama zanu.

Nanga kuno kwathu, n'chiyani chimene chimasokoneza kugunda kwa mtima kawirikawiri?

Choyamba ndi BP. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. BP ikakhala yokwera kwa zaka, mtima umakhuthala, zipinda zapamwamba zimatanuka, AF n'kupeza poyambira.

China chimene chimapweteka ana ndi achinyamata athu ndi matenda a mavalavu, tizitseko ta m'kati mwa mtima toletsa magazi kubwerera m'mbuyo, oyamba ndi zilonda zakukhosi. Mwana amadwala pakhosi, makamaka m'nyengo yozizira ya June ndi July imene ku Bembeke ndi pa boma imaluma zedi, ana atapanikizana m'chipinda chimodzi. Ngati zilondazo zayamba ndi bakiteriya wotchedwa streptococcus ndipo sanalandire penisilini, chitetezo cha m'thupi chikhoza kuyamba kulimbana ndi mavalavu a mtima wake womwe. Pakapita zaka valavu imachepa mpata, chipinda chapamwamba chakumanzere chimafufuma, AF n'kuyamba munthu adakali ndi zaka za m'ma 20 kapena 30. Atsikana ena vutoli limadzaonekera ali oyembekezera. Amene anapezeka kale ndi matendawa amabayidwa jakisoni wa benzathine penisilini milungu itatu kapena inayi iliyonse. Jakisoniyo amawawa, koma kudumphitsa ndiye kumawonongetsa valavu.

Mowa nawo, kachasu makamaka. Kumwa kwambiri tsiku limodzi kukhoza kuyambitsa AF ngakhale mwa munthu amene mtima wake unali bwinobwino. Mtima umathamanganso chifukwa cha kuchepa kwa magazi, malungo, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira, ndi nkhawa, ndipo zimenezi zimachizika.

Kodi pali chimene ndingachite pandekha chothandiza maselo a mtima?

Kuyenda ndi kugwira ntchito yolimbitsa thupi. Mu 2012 gulu la Beth Levine ku America linasonyeza kuti mbewa zikathamanga, autophagy imakwera m'minofu ndi mu mtima momwe. Mlimi wopalira ku Lobi kapena mayi wokwera mtunda ndi mtolo wa nkhuni safunika kuuzidwa zimenezi. Ofunika kuuzidwa ndi a m'maofesi ndi m'mashopu amene amakwera njinga yamoto ngakhale popita pafupi. Chepetsani mchere, siyani fodya. Nyemba, nthochi, masamba ndi kachewere wophika zili ndi potaziyamu wambiri, kungoti amene ali ndi matenda a impso afunse kaye adokotala.

Ndingadziwe bwanji kuti mtima wanga ukugunda mosokonekera?

Khalani pansi mupume kwa mphindi zisanu. Tembenuzani dzanja lamanzere chikhatho chiyang'ane kumwamba. Ikani zala ziwiri za dzanja lamanja, chamkombaphala ndi chapakati, pamkono m'munsi mwa chala chachikulu, pambali pa mtsempha wolimba uja. Musakanikize kwambiri. Mukamva kugunda, werengani kwa mphindi yathunthu mukuyang'ana wotchi ya pafoni, ndipo mvetserani ngati mipata yake ikufanana. Kudumpha kamodzi mwa apo ndi apo kumachitikira anthu ambiri athanzi. Koma ngati kugundako kulibe dongosolo n'komwe, kwina kwamphamvu, kwina kofooka, kwina kothamanga, kapena ngati kukupitirira 100 muli chikhalire, kapena kukuchepera 50 uku mukumva chizungulire, pitani kuchipatala. Ayezeninso agogo kunyumba, chifukwa ambiri a AF samva chilichonse.

Chotsimikizira ndi ECG, makina amene amalemba magetsi a mtima papepala kudzera pa timawaya tomata pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo. Sawawa ndipo satenga nthawi. Yambirani kuchipatala chapafupi. Ngati pakufunika kuunika mavalavu kapena kuonana ndi akatswiri, adzakutumizani ku chipatala cha boma cha Dedza kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Musadikire kuti kuche ngati munthu wakomoka, akumva kupweteka kapena kulemera pachifuwa, akubanika, kapena kukamwa kwapotoka, mkono walefuka, mawu sakumveka. Zomalizazi ndi zizindikiro za sitiroko.

Bambo anga anapezeka ndi AF ndipo anawapatsa warfarin. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi akukhudzana bwanji ndi kugunda kwa mtima?

Zipinda zapamwamba zikamangonjenjemera, magazi amadikha m'kona ina ya chipinda chakumanzere n'kuundana. Kachidutswa kakachoka pamenepo kamakatseka mtsempha wa mu ubongo. AF imachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu, ndipo kwa amene valavu yawo inachepa mpata chiopsezocho n'chachikulu kuposa apa. Mankhwala monga atenolol ndi digoxin amachepetsa liwiro la mtima, koma woteteza ku sitiroko ndi warfarin.

Warfarin amafuna kusamala. Bambo anuwo azipita kukayezetsa magazi, kuyeza kotchedwa INR, pa masiku onse amene auzidwa. Masamba obiriwira monga mpiru, repu, bonongwe ndi kabichi ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya mankhwalawa. Asasiye kudya masamba, koma azidya mofanana sabata ndi sabata, osati lero mbale yodzaza kenako milungu iwiri osalawa. Bactrim amawonjezera mphamvu ya warfarin moti munthu akhoza kutaya magazi, pomwe rifampicin wa TB amaichepetsa kwambiri, ndipo ma ARV ena nawonso amaisintha. Aspirin, brufen ndi diclofenac zogula pa golosale asamwe popanda kufunsa, chimodzimodzinso mankhwala azitsamba. Kulikonse kumene apita kukalandira chithandizo, ngakhale kokazula dzino, anene kuti akumwa warfarin. Akaona magazi m'mkodzo, chimbudzi chakuda bii, kapena kamfuno wosaleka, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mayi amene akumwa warfarin ndipo akufuna kutenga pakati akambirane kaye ndi adokotala, chifukwa mankhwalawa akhoza kuvulaza mwana m'miyezi yoyambirira.